CAKA CA MWANA PA SUKULU SICITHERA M'KALASI

Belu loweruka likalira, makolo ambiri m'midzi mwathu amayamba kuyang'ana kunjira. Mbuzi zifuna kutsekeredwa, madzi sanatungidwe, udzu wa m'munda nawo sudikira munthu. Mwana akafika dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'maondo, nanena kuti anali ku bwalo la mpira kapena ku dimba la sukulu, mau omulonjera ndi odziwika kale: "Kodi tinakutuma kukaphunzira kapena kukasewera?"

Funso limeneli si lopusa ai. Ngakhale boma linacotsa malipiro a sukulu mu 2022 mpaka ku Giredi 12, kholo likali kugula yunifomu, nsapato, makope ndi sopo, ndipo ola lililonse limene mwana watsalira ku sukulu ndi ola limene khasu lake lagona. Motero taona kuti ndi bwino titsate caka cathunthu ca mwana mmodzi, kuti tione cimene maola a masana amenewa amabala.

Titenge mwana wa zaka 16, mtsikana kapena mnyamata, wa Giredi 11 pa sekondale yoyendera kuno ku Cigawo ca Kum'mawa. Tasankha giredi imeneyi cifukwa ilibe mayeso a boma, ndiye aphunzitsi amadalira kwambiri ana ake pa masewera, m'makilabu ndi pa nchito za sukulu. Ang'ono ake amene analowa sekondale kuyambira 2025 akuchedwa a Fomu 1 ndi kumakwera motero, koma caka ca onsewa cili ndi matemu atatu omwe aja, ndipo temu iliyonse imagundana ndi nchito yake ya kumunda.

TEMU YOYAMBA: LIWIRO PA NTHAWI YA NJALA

Kuyambira Januwale mpaka Epulo ndi nyengo ya kuthamanga, kulumpha ndi kuponya. Ana amagawidwa m'mahausi, napikisana okhaokha pa sukulu. Opambana amapita ku zoni, kucoka apo ku boma, kenaka ku cigawo, ndipo ocepa amakafika pa mpikisano wa dziko lonse. Bwalo lake ndi lija alisenga okha ndi zikwakwa, mizere yojambula ndi phulusa kapena laimu, ndipo ambiri amathamanga opanda nsapato.

Tisapeputse bwalo lotere. Mamita 400 amene mwana wathu amazungulira ndi mtunda womwewo umene Muzala Samukonga anatengerapo mendulo ya golide ku Birmingham mu 2022 ndi ya bronze pa Olympics ya ku Paris mu 2024. Pa mtunda womwewonso, koma wolumpha mipanda, Samuel Matete anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi ku Tokyo mu 1991. Sitikunena kuti mwana aliyense adzakwera ndeke cifukwa ca miyendo yake. Ambiri adzathera ku zoni. Koma amene wakonzekera mpikisano kwa masabata asanu ndi limodzi waphunzira kusunga nthawi, kumvera mphunzitsi thupi likukana, ndi kugonja popanda ndeu. Mlimi aliyense adziwa kuti makhalidwe amenewa ndi omwe amasiyanitsa munda wopalira bwino ndi munda wa thengo.

Bvuto la temu imeneyi ndi mimba. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zapepuka, ndiponso ndi nthawi yopalira ndi kuthira feteleza wobereketsa. Mwana amene wapalira m'mamawa, nayenda makilomita angapo, nakhala m'kalasi mpaka masana osalawa kanthu, sangathamange bwino, ndipo ena amakomoka pa bwalo. Apa kholo silifunika ndalama zambiri. Kabotolo ka thobwa, dzungu lophika kapena cimanga cokazinga m'cikwama ndi cokwanira kuti mwana aime.

HOLIDE YA EPULO: GANYU NDI KUPHUNZIRA NCHITO NDI ZINTHU ZIWIRI

Masukulu athu ambiri alibe dongosolo lotumiza ana ku makampani kukaphunzira nchito. Nchito imeneyo yatsalira ife makolo, ndipo mpata wake ndi holide. Zoona, holide ya Epulo imapeza nshawa zikukumbidwa, soya ndi mpendadzuwa zikuuma, ndipo dzanja la mwana lifunika pakhomo. Koma mwa masabata anai, kodi sitingapatuleko awiri kuti akakhale pafupi ndi mmisiri?

Amisiri tili nao pafupi: kalipentala wa pa msika, telala, wokonza njinga ndi njinga zamoto, womanga nyumba, mwini cigayo, wogulitsa mbeu ndi mankhwala a ziweto. Ambiri a iwo timapemphera nao chalichi cimodzi. Kholo lipite lokha kukakambirana, osati kungotuma mwana. Mugwirizane maola, mugwirizane cimene mwanayo adzadziwa pomaliza. Wa ganyu amatumidwa kusesa ndi kunyamula matabwa tsiku lonse, nalandira kandalama madzulo. Wophunzira nchito amapatsidwa tepi ndi sowo, nauzidwa cifukwa cake mwendo wa tebulo wapendama. Woyambayo amabwerera ndi ndalama ya sopo, waciwiriyo amabwerera ndi cinthu cosalandika.

Tikumbukenso lamulo. Employment Code Act ya 2019 siilola kulemba nchito mwana wosakwana zaka 15, kupatula tinchito topepuka kwa a zaka 13 mpaka 15 timene sitisokoneza sukulu, ndipo nchito zoopsa ndi za akuluakulu okha. Kupopera mankhwala m'thonje, kugwira fodya wamuwisi tsiku lonse ndi kulowa m'migodi si maphunziro, ndi kuika moyo wa mwana paciswe. Cimodzimodzi mwambo uja wopereka mnyamata kukaweta ng'ombe za eni kwa zaka kuti alandire thole limodzi. Thole lingafe ndi cigodola usiku umodzi, koma zaka za sukulu zimene zatayika sizibwerera.

TEMU YACIWIRI: MPIRA, DIMBA NDI MAKILABU

Kuyambira Meyi mpaka kuciyambi kwa Ogasiti mphepo yazizira, mabwalo auma, ndipo ndi nthawi ya mpira wa miyendo, wa manja ndi volibo. Iyi ndiyo temu imene mikangano pakhomo imacuruka, cifukwa cimanga cikukololedwa, thonje likutoledwa, pamene timu ikufuna mwana masana atatu pa sabata.

Anyamata sasowa owachulira. Fashion Sakala wa ku Chipata anali m'timu ya osapitirira zaka 20 imene inagonjetsa Senegal 2-0 ku Lusaka mu 2017 ndi kutenga cikho ca Africa. Koma atsikana ndi amene timawamana kawirikawiri. Mlongo wake akamamenya mpira, mtsikana ali ku cigayo kapena pa citsime. Pamene tikutero, Barbra Banda anagoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewera awiri otsatizana pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021, ndipo mu 2024 anasankhidwa kukhala katswiri wa akazi mu Africa yense. Nchito za pakhomo tizigawe mofanana, kuti onse awiri akhale ndi masana ao.

Nkhawa ya makolo pa maulendo a timu ndi yomveka, ndipo yankho lake si kuletsa koma kufunsa. Akupita pa galimoto yotani? Akagona kuti? Ndi mphunzitsi uti wamkazi amene akuperekeza atsikana? Abwera tsiku liti? Sukulu yabwino siikwiya ndi mafunso amenewa, ndipo kalata yopempha cilolezo tiyenera kuiwerenga tisanasaine.

Temu yomweyi ndi nyengo ya dimba. Mu 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti sukulu iliyonse ikhale ndi pulodakishoni yuniti, ndipo mpaka lero masukulu ambiri ali ndi mabedi a repu, kabichi, matimati ndi anyezi, ena khola la nkhuku kapena nkhumba. Alimi ena amaseka kuti mwana wobadwira m'munda angaphunzirenso ciani za khasu kwa aphunzitsi. Khasu alidziwa kale, inde. Cimene sacidziwa ndi kope. Pa yuniti yoyenda bwino, mwana amene wapatsidwa anapiye 100 amalemba mtengo wao, matumba a cakudya, katemera, makala ofunditsira, angati afa ndi tsiku lake. Pakatha masabata asanu ndi limodzi nkhuku zikagulitsidwa, amacotsa zolowa pa zotuluka naona ngati panali phindu. Ndi angati a ife amene timalima thonje caka ndi caka osadziwa ngati ngongole ya mbeu ndi mankhwala yatisiyira kanthu?

Cilala ca 2024, cimene boma linacilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, cinationetsa kuti kudalira mvula yokha ndi kubeca. Mwana amene waphunzira kuphimbira nthaka, kupanga manyowa ndi kuthirira mosataya madzi wabweretsa kunyumba nzeru ya nthawi ino.

Palinso makilabu. JETS, imene inayamba mu 1968, imapikisanitsa ana pa zopangapanga za sayansi ndi masamu kuyambira pa sukulu mpaka dziko lonse. NASAAZ imacita cimodzimodzi pa masewero, ndakatulo, kwaya ndi magule a makolo. Kilabu ya mtsutso imaphunzitsa mwana kuima pamaso pa anthu ndi kuyala mfundo mwaulemu m'Cingerezi, cinenero comwe adzalembera mayeso. Uyu ndi amene mawa adzalemba maminitsi a kopaletivu ndi kulankhulira mudzi kwa a khansala.

HOLIDE YA OGASITI: MWANA PA SIKELO

Ogasiti ndi mwezi wa malonda, mwezi wa kuumba njerwa ndiponso wa Kulamba ku Mkaika. Imeneyi ndi holide yoyesera zimene mwana waphunzira. Mutengeni popita kukagulitsa. Awerenge yekha sikelo, aone ngati thumba lakwanadi makilogalamu 50, asunge malisiti, afanizire mtengo wa ku depoti ya FRA ndi wa ogula a m'mbali mwa mseu amene amapima ndi meda. Muuzeni alembe zonse zimene munda wa caka cino unadya ndi zimene wabweza. Ena a ife timacita manyazi kuti mwana adziwe ndalama za pakhomo. Koma amene waona yekha kucepa kwa cotsala sabvutitsa makolo ndi za foni yatsopano, ndipo amasamala kope lililonse limene wagulidwa.

TEMU YACITATU: NTHAWI YOMANGA THUMBA

Seputembala akafika, dzuwa latentha ndipo maso onse ali pa mayeso. A Giredi 12 akutsanzika, ndipo m'masukulu ambiri maudindo a uprifekiti ndi utsogoleri wa makilabu amagwera a Giredi 11. Kupatula zokonzekera cikondwerero ca Ufulu pa 24 Okutobala, iyi ndi temu yocepetsa za panja ndi kubwerera ku mabuku.

Pano tiyenera kunena mosabisa, pakuti zabwino zimenezi zili ndi malire ake. Makoleji ambiri amafuna makirediti asanu pa setifiketi ya Giredi 12, ndipo cikho ca ku zoni sicilowa m'malo mwa kirediti ya masamu. Mwana amene ali m'timu ya mpira, m'kwaya, m'masewero ndi mu JETS nthawi imodzi wasenza madenga anai ndi mutu umodzi. Lipoti la temu likaonetsa kuti magiredi akutsika, khalani naye pansi asankhe cosiya.

Nao aphunzitsi ali ndi mlandu wao. Madandaulo amamveka a ana otulutsidwa m'kalasi nthawi ya maphunziro kukathirira dimba, ena kutumidwa ku minda ya eni m'dzina la pulodakishoni yuniti. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi tili ndi ufulu wofunsa kuti yuniti yapanga ndalama zingati, zagula ciani, ndipo ndani amasunga buku lake. Ngati ana amangogwira khasu koma saona kope, yuniti imeneyo yasanduka thangata.

Tifunsenso ngati sukulu yathu ili ndi njira ya maphunziro a luso. Ndondomeko ya maphunziro ya 2013 inatsegula njira imeneyi m'masekondale, ya ulimi, zamanja, zophika ndi kusamala alendo, zaluso ndi masewera, ndipo m'masukulu ena ana amalemba mayeso a TEVETA natuluka ndi pepala la luso pambali pa setifiketi. Kuyambira 2022 thumba la CDF lili ndi gawo lolipirira acinyamata ku masukulu a luso. Amene anagwirapo sowo kapena makina osokera pa holide amafika kumeneko akudziwa kale cimene afuna.

ZIMENE TINGACITE CAKA CISANAYAMBE

Mu Disembala, mbeu zili m'nthaka, tikhale pansi ndi mwana tipange pulani ya caka monga timacitira ndi munda. Asankhe masewera amodzi, kilabu imodzi ndi nchito imodzi yokaphunzira pa holide. Tigwirizane masiku amene adzacedwa kubwera ndi amene adzamugwirira nchito zake masiku amenewo. Tigwirizanenso kuti lipoti la temu iliyonse tidzaliwerengera pamodzi.

Ndipo tsiku la mpikisano, kamodzi kokha pa caka, tisiye khasu tikaime m'mbali mwa bwalo. Kumeneko tidzakumana ndi aphunzitsi ake, tidzadziwa anzake amene amayenda nao, ndipo mwanayo adzaona kuti zimene amacita masana makolo ake amaziwerengera. M'mera mpoyamba, alimi anzathu, ndipo Giredi 11 imabwera kamodzi.