Samalani Wotchi Yanu Mukaivula

Misika ikatsegulidwa, alimi ndi matenanti ambiri amagula wotchi ya pamkono ndi ndalama za fodya, mtedza kapena thonje. Koma pofika msika wa chaka chotsatira, wotchi zambiri zimakhala zitafa kale. Kawirikawiri chimene chimapha wotchi ndi malo amene mwini wake amaisiya akaivula.

Mdani woyamba ndi chinyezi. M'kati mwa wotchi muli tizitsulo ting'onoting'ono timene sitichedwa kuchita dzimbiri. Choncho musaipachike m'chigafa, pamalo ofewetsera fodya, kapena pafupi ndi mtsuko wa madzi. Musaisiyenso pamatumba a feteleza, popeza feteleza monga Urea ndi CAN amakoka chinyezi ndipo amadya chitsulo. Tsiku lothira feteleza kapena lopopera mankhwala m'thonje, wotchi itsale kunyumba.

Mdani wachiwiri ndi maginito. Ambiri amakonda kuika wotchi pamwamba pa wailesi pokagona, osadziwa kuti m'sipika ya wailesi muli maginito. Wotchi yopukusa ikakhalitsa pamenepo imayamba kuthamanga, ndipo nthawi yake simungaikhulupirirenso.

Mdani wachitatu ndi kutentha. Dzuwa la pawindo ndi moto wa m'balani zimaumitsa mafuta a m'wotchi ndi kufooketsa batire.

Kasungidwe kabwino ndi aka. Mukaivula, pukutani thukuta ndi fumbi ndi kansalu kofewa kouma. Lamba wachikopa aume kaye pamthunzi, chifukwa akasungidwa wonyowa amachita chuku. Kenaka ikulungeni m'kansalu ndi kuiika m'chitini chouma chotsekeka bwino, payokha, kuti makiyi ndi makobidi zisakande galasi. Timapaketi tokoka chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano n'tothandiza m'chitinimo, makamaka nthawi ya dzinja.

Dziwaninso mtundu wa wotchi yanu. Yopukusa ndi dzanja imafuna kupukusidwa tsiku lililonse pa nthawi imodzimodzi, ndipo mukamva kuti yalimba lekani, musakakamize. Ngati mwaisunga, ipukuseni kamodzi pamwezi. Ya batire, imene kampani ya Seiko ya ku Japan inayamba kugulitsa m'chaka cha 1969, kawirikawiri imayenda zaka 2 kapena 3 ndi batire limodzi. Batire likatha lichotsedwe msanga, chifukwa likakhalitsa limatulutsa madzi owononga m'kati monse. Batire lakalelo litayidwe kutali ndi ana, pakuti mwana akalimeza limaotcha kummero. Izi zikachitika thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Mukaona nthunzi kunsi kwa galasi, madzi alowa. Musaitsegule ndi mpeni kapena kuiyanika pamoto. Pitani nayo kwa okonza wotchi musanachedwe.

Alimi, wotchi ija inagulidwa ndi thukuta la chaka chonse. Ipezereni chitini chake lero lomwe, kuti ndalama za msika ukubwerawu zigule mbewu ndi feteleza, osati wotchi ina.