Mphuno ipole kaye, mano pambuyo: physics ikuti chiyani?

Tiyeni tiyambe ndi kakuyesera kakang'ono. Gwirani pamwamba pa mphuno yanu, pakati pa maso, ndiye mugogode mano kangapo. Mwamva kunjenjemera? Tsopano kokerani mlomo wakumtunda m'mwamba. Kunsi kwa mphuno nakonso kwasuntha, si choncho?

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu akachitidwa opaleshoni yokonza mphuno, yomwe madokotala amaitcha rhinoplasty, amalangizidwa kuti asathamangire kokakongoletsa mano, monga kumatitsa ma veneer, tizikutiro topyapyala ta kutsogolo kwa dzino.

Choyamba ndi fupa. Mano akumtunda amamera m'fupa lotchedwa maxilla, ndipo timafupa tiwiri ta mphuno tidalumikizana nalo. Nthawi zambiri pa opaleshoniyi dokotala amachita kudula timafupati n'kutiyalanso, ndipo timatenga milungu pafupifupi 6 kuti tigwirane bwino. Kamakina kopalira dzino kamazungulira maulendo opitirira 300,000 pa mphindi imodzi, ndipo mukukumbukira kuti kunjenjemera kumayenda bwino m'zinthu zolimba kuposa mumpweya. Komanso dokotala wa mano amakoka mlomo, mwina n'kutsamiza dzanja pankhope. Pressure ndi force pa area: kamphamvu kochepa pa kamalo kakang'ono kakhoza kusuntha fupa losapola kapena kukoka pomwe adasoka.

Chachiwiri ndi kutupa. Pressure ya zamadzimadzi imadalira kuya kwake. Mukakhala tsonga, mutu umakhala pamwamba pa mtima. Mukagona chagada pampando wa dokotala wa mano, kusiyanako kumatha, ndiye magazi amachuluka m'mitsempha ya kunkhope. N'chifukwa chake wodwalayo amauzidwa kugona atatsamira mapilo. Tsono m'milungu yoyambirira mphuno imatsekeka. M'kamwa muli zida ndi madzi, apuma bwanji?

Chachitatu ndi muyeso. Kutalika kwa veneer kumayezedwa poona pamene mlomo umafika munthu akamwetulira. Mlomo wotupa ndi wouma umapereka muyeso wabodza, ngati kuyeza ndi rula yopindika. Vuto ndi loti dzino likapalidwa, enamel simeranso.

Choncho madokotala ambiri amati mudikire milungu yosachepera 6, ndipo pa ntchito yaikulu, miyezi ingapo. Ena amasankha kuyamba ndi mano. Koma dzino likawawa kapena usinini ukachita mafinya, zimenezo sizidikira ayi: pitani msanga, ndipo madokotala awiriwo adziwitsane.