NKHONO YOKHALA NDI CITSEKO

Mvula yoyamba ikagwa, ana a ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke amaona nkhono zirikukwawa m'mbali mwa njira, zitasenza nyumba zao pamsana. Nkhono zimenezi palibe wosazidziwa. Koma banja la nkhono ndi lalikulu ndithu, ndipo zambiri za m'banjali sizikhala kumtunda ai, zikhala m'nyanja yaikulu ya mcere.

Dziko la Zambia liribe gombe la nyanja yotere. Wofuna kuiona ayenera kulowera kum'mawa, kunka ku Beira kapena ku Nacala m'dziko la Mozambique, kapenanso kutsata njanji yocokera ku Kapiri Mposhi kufikira ku Dar es Salaam, ulendo wa makilomita 1,860. Kumeneko, pa matanthwe a m'mbali mwa Nyanja ya India, pakhala kankhono kolimba kochedwa nerita. Dzina limeneli analikhazikitsa m'mabuku ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden m'caka ca 1758. Agriki akale anali ndi nthano ya mnyamata wa m'nyanja, dzina lake Nerites, amene milungu inamsandutsa nkhono.

Kuti munthu amvetse mapangidwe a nerita, ayambe wadziwa malo amene ikhala. Nyanja zonga Bangweulu ndi Mweru zimadzala ndi kuphwa monga mwa nyengo za caka. Nyanja ya mcere siitero: imadzala kawiri ndi kuphwa kawiri pa usana ndi usiku umodzi, cifukwa mwezi umakoka madzi ake, ndipo dzuwa limathandizako. Ku Beira, pa masiku a mwezi watsopano ndi a mwezi wathunthu, madzi amakwera ndi kutsika mamita oposa 6. Potero pali dera lina la gombe limene m'mawa liri pansi pa madzi, masana liri pa mtetete. Madzi akadzala, mafunde amamenya thanthwe ndi mphamvu yakuti nkugwetsa munthu wamkulu, ndipo pamodzi ndi madziwo pamabwera nsomba ndi nkhanu zanjala. Madzi akaphwa, dzuwa limaocha mwala kufikira munthu wopanda nsapato sangathe kuupondapo, mbalame nazo nkumazonda. Nsomba singakhale pamenepo pakuti ingaume. Nkhono ya kumunda singakhalepo pakuti mcere ungaiphe. Nerita ndiye pakwao pomwepo.

Cigoba ca nkhono ya kumtunda ncacitali, cosongoka kumbuyo ndi copepuka. Ca nerita ncobulungira ngati suku lodulidwa pakati, ndipo kukula kwakenso nkonga suku, masentimita 2 kapena 3, mwina 4. Nsonga yake njophwathalala, pa zina siioneka nkomwe. Mafunde akafika amangodutsa pamwamba posowa pogwira. Cigobaco ncocindikala kwambiri, cobvuta kuciswa ndi zala. Wina akacisweratu ndi mwala adzaona cinthu cacilendo. M'kati mwa nkhono zambiri muli njira yokhotakhota yokwera kunka kunsonga, koma nerita pokula imasungunula makoma a m'katiwo, nkutsala cipinda cimodzi cacikulu. M'cipindamo mukwana thupi lake ndi madzi pang'ono. Madziwa ndiwo moyo wake pa nthawi ya dzuwa, pakuti nerita ipuma ndi ciwalo conga cimene nsomba zipumira, ndipo ciwaloco cikauma nkhono yafa. Madzi omwewo potuluka pang'onopang'ono ndi kuuma amaziziritsa thupi, monga momwe madzi amazizirira mu mtsuko wadothi.

Tsono munthu akaitembenuza nkhonoyi adzaona pakamwa pa cigoba. Pakamwapo mponga mwezi wa theka, kapena lemba la D. Ku mbali yoongoka kuli malo osalala, otambalala ngati khonde la nyumba, ndipo m'mphepete mwa khondelo muli mano awiri, atatu kapena anai. Ku mbali yokhota, cam'kati, kuli mano enanso ang'onoang'ono. Mano amenewa satafuna kanthu. Ndi timapiri cabe ta cigoba, timene ticepetsa khomo kuti mdani abvutike kulowetsapo dzanja lake.

Cinthu coposa zonse ndi citseko. Nerita inyamula citseko cake pamwamba pa phazi, cakumbuyo. Ikaopsedwa imalowetsa mutu, kenaka phazi, ndipo potsiriza citseko cija cimadzatseka khomo lonse, osasiya ndi kampata komwe. Citsekoco ncolimba ngati cigoba ceniceni, ndipo kuseri kwake kuli kacikhomo kamene kamakola kumbuyo kwa khonde. Cotero cimatseguka ndi kutsekeka ngati citseko ca nyumba, ndipo nkhanu ingakankhe cotani sicigwera m'kati msanga. Nkhono ya kumunda iribe cotere. M'cirimwe imangomata khomo lake ndi mamina ouma, ndipo mvula ikabwera imawataya. Nazonso tinkhono ta m'madambo ndi m'mitsinje ya m'Zambia timene tifalitsa likodzo tiribe citseko. Nerita ya m'nyanja ya mcere siinyamula nthenda imeneyi.

Pali kusiyana kwina pa mutu. Nkhono ya kumunda iri ndi tinyanga tinai, ndipo maso ake ali kunsonga kwa tinyanga tiwiri tatitali. Nerita iri ndi tinyanga tiwiri tokha, tatitali ndi topyapyala ngati ulusi, ndipo maso ali m'munsi mwake pa timapesi tatifupi.

Thanthwe la kugombe limaoneka ngati lopanda kanthu, koma wolipondapo liri lonyowa amaterereka. Cotereretsaco ndi ndere zazing'ono zedi zomera pa mwala, ndipo ndico cakudya ca nerita. M'kamwa mwake muli lilime longa lamba, lokhala ndi mizere yambirimbiri ya mano aang'ono osaoneka ndi maso. Ndi lilimeli imapala mwala monga mmisiri apala citsulo ndi tupa. Mano akutsogolo akatha, ena amamera kumbuyo nasunthira kutsogolo. Nerita zambiri zimadya usiku madzi ataphwa, pamene kulibe dzuwa loziocha, mafunde ozikokolola, kapena nsomba zozidya. Masana zimabisala m'ming'alu, kawirikawiri zitaunjikana zambiri pamodzi, ndipo mulu wotero suuma msanga monga iumira nkhono yokhala payokha. Anthu amene anapenyetsetsa nkhonozi pa magombe a kum'mawa kwa Afrika anapeza kuti zina pobwerera kumalo kwao zimalondola mkwaso wa mamina umene izo kapena zinzao zinasiya pa mwala.

Kaberekedwe kake nkodabwitsanso. Nkhono ya kumunda iri yonse ndi yaimuna ndi yaikazi pamodzi, koma pakati pa nerita pali zazimuna ndi zazikazi. Yaikazi imaikira mazira ake m'timatumba toyera, tolimba, tonga njere za citowe, nitimata pa mwala wonyowa, ndipo nthawi zina pa cigoba ca inzake. M'kathumba kamodzi muli mazira ambiri. Pa mitundu yocuruka ya nerita, tiana totuluka m'menemo sitifanana ndi make ai. Ntating'ono kwambiri, tosaoneka bwino popanda galasi lokulitsa zinthu, ndipo tisambira ndi timapiko tokhala ndi ubweya. Timatengedwa ndi madzi kwa masabata kapena miyezi, ndipo tambiri timadyedwa m'njira. Totsalato tikafika pa thanthwe timataya mapiko aja nkuyamba kukwawa. Nco cifukwa cake nkhono imene moyo wake wonse ingokwawa pa thanthwe limodzi iri ndi abale ake ku Mombasa, ku India, ku Australia ndi pa zisumbu za pakati pa Nyanja ya Pacific.

Nanga mitundu ya nerita munthu angaisiyanitse bwanji? Mwana aliyense amayamba ndi kuyang'ana mawanga a pamsana, ndipo apa mpamene ambiri amasokera, pakuti nkhono ziwiri za mtundu umodzi zitha kukhala ina yakuda ina yofiirira. Mboni zokhulupirika ndi zinai: mizere ya pamsana, khonde, mano ndi citseko. Malo amene nkhonoyo yapezeka amathandizanso, cifukwa mtundu uli wonse uli ndi dera lake pa thanthwe.

Pamwamba penipeni, pamene pafika mathovu okha a mafunde, pakhala Nerita plicata. Njoyera cotuwira, mwina cofiirira pang'ono, ndipo msana wake uli ndi mizere yakuya ngati mizere ya m'munda wolimidwa bwino. Mano ake ndi aakulu ku mbali zonse ziwiri, kotero kuti khomo latsala kampata kokha. Wakuiona kamodzi saiiwalanso. Pa matanthwe oyang'anana ndi mafunde aukali pakhala Nerita textilis, imene ikula kuposa zinzake zambiri za pa gombe limeneli. Mizere yake njonenepa ngati zingwe, yoyera ndi mawanga akuda, kuoneka ngati nsalu yoluka, ndipo citseko cake ncakuda, cokhala ndi tiziphuphu.

Kutsikirapo, pamene miyala ikomana ndi mcenga, munthu angafune masana onse osapeza kanthu, cifukwa Nerita polita imadzikwirira mu mcenga m'tsinde mwa mwala, nkuturuka madzi akaphwa, makamaka usiku. Iyi iribe mizere yozama. Msana wake ngwosalala ndi wonyezimira ngati mbale yadothi yocokera kusitolo, khonde lakenso nlosalala. Ndiyo inyenga anthu koposa ndi mawanga ake, pakuti ziripo zotuwa, zobiriwira, zamawangamawanga ndi zina za mikwingwirima yofiira, koma zonsezo mtundu umodzi. Kumunsi, pansi pa miyala ndi m'zithaphwi zimene siziuma, kukhala Nerita albicilla, yophwathalala, ya mawanga akuda ndi oyera. Kuizindikira nkosabvuta: munthu angopititsa cala pa khonde, ndipo adzamva tiziphuphu tokhakhala, pomwe mano ake ndi aang'ono. Kutali, ku zisumbu za Caribbean, kuli mbale wao Nerita peloronta, amene pa mano ake pali banga lofiira ngati mwazi wa munthu wocotsedwa dzino. Koma ameneyu sapezeka pa magombe a kum'mawa kwa Afrika.

Anthu a kugombe, makamaka amai ndi ana, amatola nerita madzi akaphwa, naziphika, nkutulutsa nyama yake ndi munga kapena kamtengo kosongoka. Wotola wanzeru akatembenuza mwala amaubwezera monga unaliri, pakuti kunsi kwake kuli timatumba ta mazira tija ndi tamoyo tina timene dzuwa lingatiphe lisanapendeke.

Nthawi zina cigoba ca nerita cimaoneka cirikuthamanga pa mcenga. Nerita siithamanga. Mwini wake anafa kale, ndipo m'nyumbamo munalowa kankhanu ka mimba yofewa kamene kakhalira zigoba zosiyidwa. Kocitola amaona timiyendo ndi dzanja lopanira m'malo mwa citseko.

Mlendo wocokera kumtunda ayenera kudziwanso nkhono imodzi yosati nerita, imene ikhala m'madzi omwewo. Cigoba cake ncacitali, cotambalala ku mbali imodzi ndi cosongoka ku inzake, khomo lake ndi mng'alu wautali wopapatiza, wopanda khonde ndi mano. Ophunzira amaicha Conus. Tsinde la cigoba cimeneci ndilo mphande yoyera imene mafumu akale a m'dziko lino ankabvala pacifuwa. Mfumu Shinde inapatsa David Livingstone mphande yotere m'caka ca 1854, ndipo zina zinapezeka m'manda akale a pa Ingombe Ilede, pafupi ndi Zambezi, amene anatulukira m'caka ca 1960. Ikakhala yamoyo, nkhono imeneyi imabaya ndi kamubvi kaululu kocokera ku mbali yosongoka, ndipo mitundu ina yaikulu inaphapo anthu. Nerita iribe ululu. Mwana atha kuiika pa cikhato nadikira. Akapanda kugwedeza dzanja, citseko cimatseguka pang'ono, timadzi tija timadontha, ndipo tinyanga tiwiri timasuzumira kunja.