Kodi Mumadziwa? Kufunafuna Gwero la Mwazi M'matumbo Aang'ono

Kodi mumadziwa kuti matumbo aang'ono a munthu wamkulu, ngakhale apindikapindika m'kamalo kochepa, amatalika pafupifupi mamita 6, ndi kuti pamene mwazi uyamba kukha m'kati mwake, dokotala wa opaleshoni, ngakhale atatsegula mimba, angathe kuyang'ana kunja kwake konse osaona bala? Pakuti kabalako kamabisala m'kati, ndipo mwazi umatsika ndi zakudya, kotero kuti pomwe wadzaza sipomwe watulukira ayi.

Chifukwa chake dokotalayo amayenda ndi matumbowo m'zala zake pang'onopang'ono, kuchokera kumtunda kufikira kumunsi, nawalitsa nyali kuseri kwake kuti mitsempha yotupa ionekere, ndipo zikakanika amalowetsamo kachubu kokhala ndi kamera. Indetu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Amasamala koposa chakumapeto kwa matumbowo, kumene zilonda za taifodi zimakonda kukha mwazi sabata lachitatu la matendawo, ndiponso kumene anthu 2 mwa 100 aliwonse amabadwa ndi kathumba kamene Johann Meckel anakalongosola mu 1809.

Anthu a ku Rumphi, luso lotsegula thupi la munthu wogonekedwa tulo silachilendo kwa inu. Dr Robert Laws, amene anachita opaleshoni ndi kolorofomu ku Cape Maclear mu 1876, ndiye anakhazikitsa Livingstonia pa Khondowe, m'boma lanu, mu 1894, ndipo chipatala cha David Gordon Memorial chinatsegulidwa kumeneko mu 1911. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena chosakanikirana ndi mwazi, mwina mwazi ukukha m'matumbo, choncho musazengereze: pitani kuchipatala tsiku lomwelo.