Kiyi wa galimoto akatayika, kusula chitsulo chokha sikukwanira

Ogwira ntchito m'boma amene amapita ku misonkhano kumalo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, komanso madalaivala awo, ayenera kudziwa kuti kiyi wogwera mumchenga ku Nkopola kapena m'madzi ku Cape Maclear akhoza kuimitsa galimoto kwa masiku angapo. Izi zili chomwechi chifukwa galimoto zambiri zomwe anthu amazitcha zakale zili ndi chitetezo chimene wosula makiyi wapamsika sangachithe.

Kiyi wa galimoto amatha kukhala ndi zinthu zitatu. Pali chitsulo cha mano chimene chimatembenuza loko, pali rimoti yotsekera ndi kutsekulira zitseko munthu ali chapatali, ndiponso pali kachipangizo kakang'ono kotchedwa chip komwe kamabisidwa m'mutu wa pulasitiki wa kiyiyo.

Kachipangizoka ndi komwe kamasautsa anthu. Makampani opanga galimoto adayamba kukaika m'makiyi chapakati pa zaka za m'ma 1990 pofuna kuchepetsa umbava, ndipo m'chaka cha 1998 maiko a Germany ndi Britain adalamula kuti galimoto zatsopano zizikhala ndi chitetezochi, chomwe chimatchedwa immobiliser. Kiyi akalowa poyatsira galimoto, waya wozungulira pamalopo amapatsa chip mphamvu, ndipo chip imatumiza nambala yake yachinsinsi ku kompyuta ya injini. Nambala ikakhala yolakwika kapena ikasowa, kompyuta imakaniza mafuta kapena moto. Sitata ikhoza kutembenuza injini, koma injiniyo siyaka, kapena imayaka n'kuzima nthawi yomweyo. Chip siidalira batire, choncho kusintha batire la rimoti sikuthetsa vutoli.

Sigalimoto zonse zili ndi chitetezo chotere. Zambiri mwa galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan, makamaka za m'ma 1990, zili ndi kiyi wachitsulo chabe. Chizindikiro chimodzi cha immobiliser ndi kanyali kooneka ngati kiyi kapena loko kamene kamaphethira galimoto ikazimitsidwa.

Kiyi wachitsulo chabe savuta. Ngati pali wina wapadera, amasulidwa potengera ameneyo, ngakhale kuti kiyi wotha mano amabala mnzake wotha mano. Njira yabwino ndi kusula potsatira nambala ya kiyi, yomwe imabwera pa kachitsulo kolendewera ku makiyi galimoto ikamagulidwa, ndipo pa galimoto zina zakale imadindidwa pa loko wa chitseko. Tsoka ilo, galimoto yomwe yadutsa m'manja mwa anthu angapo isanafike padoko la Dar es Salaam kapena Durban kawirikawiri imabwera ndi kiyi mmodzi yekha, kachitsulo kaja katasowa kale.

Pamene pali chip, kiyi watsopano ayenera kulembetsedwa mu kompyuta ya galimoto. Pa galimoto zina za Toyota zakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000, kiyi wamutu wakuda ndiye wamkulu ndipo ndi amene amalola kulembetsa wina, pamene wamutu wotuwa amangoyendetsa galimoto basi. Makiyi akuda onse akatayika, kompyuta imayenera kuchotsedwa kuti katswiri ailembe mwatsopano, apo ayi igulidwe ina. Apa mpamene mtengo umakwera, poonjezerapo kukoka galimoto kapena kuitanitsa katswiri kuchokera ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 190 kuchokera pa boma la Mangochi. Kwa amene vutoli lawapezera ku Makanjira kapena ku Monkey Bay, ulendowo ndi wautali kuposa pamenepo.

Rimoti nayo ili ndi msampha wake. Marimoti a galimoto zopangidwira msika wa ku Japan amagwiritsa ntchito mafunde a wailesi apafupi ndi 315 MHz, pomwe a ku South Africa ndi ku Ulaya amagwiritsa ntchito 433 MHz. Mangochi ndi boma lomwe anthu ake ambiri amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo n'chapafupi kutuma m'bale kuti atumize rimoti. Ikhoza kufika yofanana ndendende ndi yotayikayo, koma galimoto yochokera ku Japan osaimva. Wogula ayenera kutumiza nambala ya chasisi ndi nambala yolembedwa pa rimoti yakale ngati adaisunga, osati chithunzi chokha. Rimoti yomwe yangonyowa siyofunika kuitaya msanga: batire lichotsedwe pompo, m'kati muumitsidwe bwinobwino, kenaka muikidwe batire latsopano la mtundu womwewo, monga CR2032 kapena CR2016.

Kiyi wotayika amakhalabe ndi mphamvu pa galimoto. Polembetsa watsopano, n'kofunika kupempha katswiri kuti afufute wakaleyo mu kompyuta. Ngakhale atafufutidwa, mano ake amatsekulabe zitseko, kotero ngati pali chikaiko choti adabedwa, maloko ayenera kusinthidwa. Kukanena kupolisi n'kupeza lipoti kumathandiza mtsogolo, chifukwa galimoto ikabedwa makampani a inshulansi kawirikawiri amafunsa za makiyi. Katswiri wodalirika naye amafuna kuona blue book ndi chiphaso cha mwini wake asanagwire ntchito, ndipo amene safunsa zimenezi ndi woyenera kumukayikira.

Pa galimoto za boma za nambala ya MG, dalaivala adziwitse msanga mkulu woyang'anira za galimoto mwa kalata, m'malo mothyola loko kapena kulumikiza mawaya mwachidule. Kudula immobiliser kumayendetsa galimoto tsiku lomwelo, koma kumaisiya yopanda chitetezo kwa akuba.

Maofesi amene ali ndi galimoto ya kiyi mmodzi achite bwino kusulitsa ndi kulembetsa wachiwiri pamene woyambayo adakalipo, n'kumusunga mu sefa pamodzi ndi nambala ya kiyi ndi ya chasisi, osati m'galimoto momwemo.