Akhwangwala a ku Heavy Industrial Area ndi thanzi la makomboni

Kumadzulo kwa tauni ya Lusaka, kuchokera pa Lumumba Road kulowera ku Mungwi Road, kuli mafakitale, zigayo zikuluzikulu ndi nyumba zosungiramo katundu. Palibe mlendo amene amapitako kukaona mbalame. Okonda mbalame amalunjika ku Lochinvar, kapena ku Chisamba kukafunafuna Chaplin's barbet, kambalame kopezeka m'Zambia mokha. Komatu mwa mitundu ya mbalame yoposa 750 ya m'dziko lino, yomwe ingathandize anthu a m'makomboni a Kanyama, George ndi Matero pa nkhani ya matenda ndi ija timaidutsa osaicheukira: khwangwala, kakowa, nantchengwa ndi kadzidzi. Kuwerenga mbalamezi ndi kulemba pomwe zikusonkhana kuyenera kutengedwa ngati ntchito ya zaumoyo.

Mbalame siiyendera chisawawa, imatsata chakudya ndi madzi. Akhwangwala akayamba kuunjikana kuseri kwa mpanda wina tsiku ndi tsiku, ndiye kuti kukutayidwa zowola zomwe sizikufika kudzala la zinyalala la ku Chunga. Nantchengwa amadya achule ndi ambululu, choncho akamaoneka pa ngalande m'mwezi wa Seputembala, mvula itasiya kalekale, pali madzi omwe aima kwa masabata, mwina paipi inaphulika kapena ngalande inatsekeka. Kumadera ena zimenezi n'zazing'ono, koma osati kuno. Pansi pa Kanyama pali thanthwe la laimu lodzaza mapanga ndi ming'alu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Zonyansa zolowa m'nthaka sizisefeka mokwanira. Zimadutsa m'ming'alumo n'kukafika m'zitsime zosaya zomwe anthu amatungamo, ndipo dzinja likafika zimbudzi zokumba zimasefukira. Kolera yomwe inabuka mu Okutobala 2017 inazunza Kanyama koopsa. Ya mu Okutobala 2023 inakula mpaka National Heroes Stadium inasandutsidwa chipatala mu Januwale 2024, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko lonse. Mbalame sizinabweretse kolerayo, iyayi. Koma malo omwe zimathamangira, a zowola ndi madzi oima, ndi omwewo amene a zaumoyo amayenera kuwadziwa mvula isanagwe.

Mbalame yakufa nayo imanena zambiri. Mu 1999 akhwangwala anayamba kugwa okhaokha mumzinda wa New York, ndipo kupima mitembo yawo kunathandiza kuzindikira kuti matenda a muubongo omwe ankapha anthu ankachokera ku kachilombo ka West Nile, kofalitsidwa ndi udzudzu. Pabwalo la fakitale pakapezeka mbalame zingapo zitafera pamodzi, chikhoza kukhala chimfine cha mbalame kapena mankhwala otayikira m'ngalande. Zotero sazigwira ndi manja, sazipatsa agalu, ndipo mwana wa legeni asazitole kuti akaotche. Oyenera kuuzidwa ndi a zaumoyo kapena madokotala a ziweto.

Nkhani ya kadzidzi ndiyo imavuta, chifukwa ambiri akamva kulira kwake padenga amaganiza za maliro ndi ufiti, n'kutola mwala. Pomwe pali chimanga ndi gaga pali makoswe, ndipo kadzidzi wa nkhope yoyera amakonda kuswera m'madenga a nyumba zosungiramo katundu chifukwa cha makoswewo. Banja limodzi limadya makoswe mazanamazana pa chaka. Mkodzo wa khoswe ukasakanikirana ndi madzi osefukira umafalitsa leptospirosis, matenda oyamba ndi kutentha thupi moti amasokonezeka ndi malungo. Tsono mankhwala ambiri a makoswe sapha nthawi yomweyo. Amaletsa magazi kuundana, khoswe n'kumayenda mofooka kwa masiku angapo. Wofookayo ndi amene kadzidzi amayamba kugwira, nayenso n'kufa. Makoswe amaswana msanga kuposa akadzidzi, ndiye opambana pamapeto ndi makoswe. Dziko la India linaona zofanana ndi izi pa miimba: m'zaka za m'ma 1990 mankhwala a ng'ombe a diclofenac anapha miimba yoposa 95 pa 100 iliyonse, nyama zakufa zinkangowolera pamtunda, agalu osowa mwini anachuluka pamodzi ndi chiwewe, ndipo boma linaletsa mankhwalawo pa ziweto mu 2006.

Wina anganene kuti mayi wa ku Kanyama safuna khwangwala kuti amuuze komwe kuli zinyalala, mphuno yake imamuuza kale. N'zoona, ndipo mbalame singalowe m'malo mwa kupima madzi kapena kuthira klorini. Koma fungo sililembedwa, pomwe chiwerengero chimalembedwa. Kope losonyeza kuti akhwangwala a pamalo akuti achuluka kawiri m'miyezi itatu ndi umboni woti khansala angapite nawo ku khonsolo. Komanso mbalame imaona kuseri kwa mipanda ya mafakitale, komwe munthu wamba saloledwa kusuzumira.

Ena amati awa ndi masewera a azungu ndi anthu okhuta, a magalasi oonera patali. Khwangwala ndi kakowa safuna magalasi. Bungwe la BirdWatch Zambia, lomwe linayamba mu 1969 ndi dzina la Zambian Ornithological Society, limadalira anthu ongodzipereka powerenga mbalame, ndipo pa pulogalamu ya eBird aliyense wokhala ndi foni ya intaneti angalembe zomwe waona popanda kulipira. Chofunika n'kuima pamalo amodzi, pa ola lomwelo, sabata iliyonse. Anthu otere alipo kale: alonda a pa mageti a mafakitale, omwe amakhala pampando usiku wonse ndipo amadziwa denga lomwe kadzidzi amatulukira, ndi amayi ogulitsa nsima kwa antchito masana, omwe amapirikitsana ndi akhwangwala tsiku lililonse.