Khofi timalima ndife, akumwa ndi ena

Mumzinda wa Mzuzu mulibe minda ikuluikulu ya khofi, komabe dzina la mzindawu ndi limene limalembedwa pa matumba opita ku Ulaya, ku America ndi ku Japan. Khofiyo amatsika kuchokera kumapiri: ku Misuku m'boma la Chitipa, ku Phoka ndi ku Viphya m'boma la Rumphi, kumtunda kwa Nkhata Bay, ku Mzimba, mpaka ku Ntchisi. Alimi a m'madera amenewa ali m'makopaletivi 6 amene ali pansi pa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2007. Kale ulimiwu unkayendetsedwa ndi bungwe la boma la Smallholder Coffee Authority, mpaka mu 1999 pamene unaperekedwa m'manja mwa alimi eni ake.

Khofi safuna phuma. Mbande ikachoka ku nazale, mlimi amadikira zaka pafupifupi zitatu asanathyole kanthu, uku akulimbana ndi mbozi yoboola tsinde ndi matenda a masamba. Nyengo yokolola ikafika, amathyola kachipatso kamodzikamodzi, kofiira kokha, kosapsa n'kukasiya kudikira tsiku lina. Tsiku lomwelo amasenza kupita kumakina osendera, komwe khofi amam'viika, kum'tsuka ndi kumuyanika pa thandala, asanam'tumize ku Mzuzu. Thukuta lonseli, koma m'nyumba zambiri za alimiwo m'mawa mumamwedwa tiyi.

Apa ndi pamene timasiyana ndi anzathu a ku Ethiopia, kwawo kwa khofi wa mtundu wa Arabica amene ifenso timalima. Dzikolo ndi limene limakolola khofi wambiri mu Africa muno, anthu mamiliyoni amadalira mbewuyi, ndipo imawabweretsera ndalama zambiri zakunja monga amachitira fodya kwathu kuno. Koma pafupifupi theka la khofi yenseyo amamwa okha. Mayi wa ku Ethiopia amagula khofi wosakazinga pamsika, kum'tsuka, kum'kazinga pa makala alendo akuona, n'kuwayendetsera utsi wake kuti anunkhize. Akatero amasinja mumtondo ndi kuwiritsa mumphika wadothi wa khosi lalitali wotchedwa jebena. Lubani akufuka, mbuliwuli zili m'mbale, anthu amamwa maulendo atatu, ndipo pamenepo ndi pamene amakambirana za maliro, za ukwati ndi za milandu ya pamudzi. Anthu a kumeneko amamufuna khofi moti boma linachita kuletsa kugulitsa m'dzikomo khofi wa giredi yotumiza kunja, kuopa kuti ndalama zakunja zingachepe.

Ena adzati zimenezo ndi chikhalidwe chabe. Ine ndimaonamo chuma. Mlimi amene amamwa khofi wake amadziwa ndi lilime lake kuti wothyoledwa wosapsa amawawa motani, ndipo wogula sangamunamize za giredi. Mitengo ikagwa pamsika wa khofi wa ku New York, amakhala ndi msika wina pakhomo pomwe.

Ifeyo tinalawa kale kuwawa kodalira msika wakutali wokha. Khofi anafika ku Blantyre mu 1878 ndi amishoni a ku Scotland, ndipo m'zaka za m'ma 1890 ndiye anali mbewu yaikulu yotumiza kunja, mpaka mtengo wa khofi unajambulidwa pa chizindikiro cha boma la atsamunda. Cha m'ma 1900 khofi wa ku Brazil atasefukira pamsika, mitengo inagwa, matenda ndi chilala n'kuwonjezera, minda inasanduka ya tiyi, thonje ndi fodya. Mpaka lero Brazil amakolola pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a khofi wa padziko lonse, mwina ndi makina m'minda yosaoneka malire. Kupikisana naye pa kuchuluka n'kutaya nthawi. Onaninso kuti Brazil yemweyo ndi wachiwiri pa kumwa khofi, pambuyo pa United States.

Chimene tingapikisane nacho ndi ubwino ndi dzina. A ku Ethiopia anakangana ndi kampani ya Starbucks pa umwini wa maina a khofi wa ku Sidamo, Harar ndi Yirgacheffe mpaka anagwirizana mu 2007, podziwa kuti wogula amalipira dzina la phiri. Khofi wa mtundu wa Geisha, amene anachokera kunkhalango za ku Ethiopia komweko, anatchuka ku Panama kuyambira mu 2004 ndipo amagulidwa pa mitengo yododometsa. Geisha ali m'minda ya alimi athu kumpoto kuno, pambali pa mtundu wa Catimor. Misuku ndi Phoka ndi maina oyenera kudziwika paokha chimodzimodzi.

Koma dzina limayambira kwanu. Lowani m'tiyirumu pafupi ndi depoti ya Mzuzu m'mawa wa mwezi wa June, chifunga chili tolo, mudzapeza tiyi, mkaka ndi masikono. Amene akufuna khofi kunyumba nthawi zambiri amagula wam'chitini wochokera ku South Africa, wina wosakaniza ndi chicory, ndipo dziko limalipira ndalama zakunja zimene tikuzisowazo. Khofi wathu weniweni amapezeka ku Mzuzu Coffee Den, m'mahotela ndi m'masitolo akuluakulu, ndipo ambiri timamugula ngati mphatso ya mlendo amene akukwera ndege.

N'zoona kuti paketi yake ndi yokwera mtengo kwa munthu wolandira malipiro a mwezi ochepa. Koma wa ku Ethiopia sagula paketi. Amagula wosakazinga pang'ono, wa giredi yotsika, zina zonse amachita yekha ndi mbaula ndi mtondo, zinthu zimene nyumba iliyonse ya ku Chibavi kapena ku Zolozolo ili nazo. Anthu amene timakazinga mtedza ndi chimanga tsiku ndi tsiku sitingalephere kukazinga khofi.

Pempho langa likupita kwa atsogoleri a makopaletivi: khofi amene sanafike pa giredi yotumiza kunja aikeni pamsika wa Mzuzu m'timapaketi tating'ono, wosakazinga, pa mtengo woti mayi wogulitsa tomato akwanitse. Phunzitsani alimi kulawa khofi wawo. Ndipo inu a maofesi a boma, a mabanki ndi a mipingo amene mumachititsa misonkhano mumzindawu, pa nthawi yopuma muzipereka khofi wa ku Misuku ndi ku Phoka.